Mwana Akamakula Msanga, Mpira Umayamba Wamuthawa

Waterkloof ndi dera la anthu opeza bwino mumzinda wa Pretoria ku South Africa. Amalawi ena amagwira ntchito kumeneko, ya m'nyumba ndi yosamalira maluwa. Makilomita ochepa kuchoka m'derali, ku Hatfield, yunivesite ya Pretoria inatsegula malo ophunzitsirako achinyamata zamasewera otchedwa High Performance Centre m'chaka cha 2002, ndipo ena mwa atsikana amene asewerapo timu ya Banyana Banyana anadutsa pamenepo. M'malo otere mphunzitsi sangoyang'ana zigoli. Amayezanso msinkhu wa mwana, ndi kuona momwe akudumphira, akuterera pansi ndi kutembenukira.

Chifukwa chake n'chakuti anyamata ambiri amakula mofulumira kwambiri ali ndi zaka 13 kapena 14, pamene atsikana amatero ali ndi zaka 11 kapena 12. M'chaka chimodzi mwana akhoza kutalika ndi masentimita 8 mpaka 10. Miyendo imatsogola kutalika, mphamvu ya minofu imabwera m'mbuyo. Mnyamata amene chaka chatha ankanjanja anzake onse amayamba kuphonya mpira ndi kupunthwa popanda womukankha. Ena amadandaula kupweteka kwa chidendene kapena m'munsi mwa bondo. Apa ndi pamene aphunzitsi a m'midzi amalakwitsa: amamunena mwanayo kuti wayamba ulesi, n'kumuchotsa m'timu, m'malo mwake n'kuikamo wamatupi amene anangofulumira kukhwima. Komatu vutoli limatha pakapita miyezi, thupi likazolowera msinkhu watsopano.

Kuona zimenezi sikulira zipangizo za ku Pretoria. Mlangizi wa achinyamata akhoza kuimika ana pakhoma la sukulu miyezi itatu iliyonse, kulemba msinkhu wawo ndi makala, ndi kusunga manambala m'kope. Amene akutalika mothamanga amuchepetsere kuthamanga ndi kudumpha, koma asamusiyitse mpira. Bungwe la FIFA linatulutsa ndondomeko yotenthetsa thupi ya mphindi 20 yotchedwa 11+ m'chaka cha 2006. Muli kuima ndi mwendo umodzi, kunjuta, ndi kudumpha n'kutera mawondo atapindika pang'ono osagundana. Kafukufuku wa ku Norway wa m'chaka cha 2008 anapeza kuti atsikana otsatira ndondomekoyi anavulala mocheperapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Nkhaniyi ikukhudzanso mlimi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Thupi limene likumanga mafupa limafuna zambiri kuposa nsima ndi masamba. Banja likamagulitsa mtedza, soya ndi nyemba kwa mavenda, lisiyeko zina za mwana amene amabwera kuchokera kubwalo madzulo, ndipo usipa kapena dzira likapezeka, mbale yake isaiwalike.