Munthu mmodzi, mabuku ambiri: cifukwa cace makompyuta a boma ayenera kumvana

Mlimi wa m'boma la Mambwe, m'cigwa ca Luangwa, amalembedwa m'mabuku osiyanasiyana. Dzina lace lili ku ofesi yopereka zitupa za NRC, lili ku kiliniki kumene amalandira mankhwala, ndiponso lili pa mndandanda wa alimi olandira fataleza ndi mbewu. Masiku ano ambiri mwa mabuku amenewa ali pa makompyuta, koma ngati sagwirizana, munthu mmodzi amaoneka ngati anthu atatu, kapena amasowa kumene akuyenera kupezeka.

Nkhokwe yosungamo mbiri pa kompyuta akatswiri amaicha database. Kamangidwe ka nkhokwe zambiri za masiku ano kanacokera pa nzeru ya Edgar Codd, katswiri wa kampani ya IBM, imene anaifalitsa mu 1970. Mfundo yace njakuti cinthu ciliconse cilembedwe kamodzi cabe, pamalo amodzi, ndipo cikhale ndi nambala yacezace yocizindikiritsa. Mabuku ena onse aziloza ku nambalayo m'malo mobwereza kulemba dzina.

Dzina palokha silikwanira. Kum'mawa kuno a Phiri, a Banda ndi a Zulu ndi ambirimbiri, ndipo kalaliki wina alemba Nkhoma pamene mnzace alemba Nkoma. Midzi yambiri ya m'madera a mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama imachedwa ndi dzina la nyakwawa, ndipo maina otero amabwerezeka m'malo osiyana. Kompyuta siidziwa kuti Nkhoma ndi Nkoma ndi munthu mmodzi ngati palibe nambala yowalumikiza.

Ndi cifukwa cace nambala ya citupa ca NRC ili yofunika. Koma citupaci cimaperekedwa munthu akakwanitsa zaka 16, ndipo kwa zaka zambiri mbiri yace inali kusungidwa pa mapepala, motero nthawi zina anthu awiri anali kupezeka ndi nambala imodzi. Mu 2022 unduna woona za m'dziko unayamba kufalitsa dongosolo la INRIS, limene limatenga zidindo za zala ndi cithunzi ca nkhope, ndi colinga cakuti nzika iliyonse ikhale ndi nambala imodzi yosagawana ndi wina.

Ku mbali ya zaumoyo, unduna unasankha pulogalamu ya SmartCare mu 2006 kuti ikhale njira ya dziko lonse yosungira mbiri ya odwala pa kompyuta. Phindu lace limaonekera wodwala akatumizidwa kucokera ku kiliniki ya ku Mfuwe kupita ku cipatala ca Kamoto, kapena ku cipatala cacikulu ca Chipata. Dokotala womulandira ayenera kudziwa mankhwala amene anapatsidwa kale ndi zotsatira za kupimidwa kwa magazi. Ciwerengero ca odwala a m'boma lonse cimasonkhanitsidwa mu pulogalamu ina, ya DHIS2, imene inapangidwa pa yunivesite ya Oslo ku Norway. Alimi nawonso analembedwa mu ZIAMIS, dongosolo limene linayamba kugwira nchito mu 2017 pa nkhani ya thandizo la FISP.

Mapulogalamuwa anapangidwa ndi anthu osiyana pa nthawi zosiyana. Kuti athe kupatsana mbiri, owalemba ayenera kutsata malamulo ofanana: tsiku lilembedwe mwanjira imodzi, cipatala ciliconse cikhale ndi nambala yosasintha, ndipo matenda achulidwe ndi zizindikiro zovomerezeka. Mwacitsanzo, mu ndondomeko ya ICD-10 ya bungwe la World Health Organization, malungo oopsa a mtundu wa falciparum ndi B50, pamene kaodzera, nthenda imene imapezeka m'cigwa ca Luangwa, ndi B56. Nthenda ziwirizi zimayamba mofanana, ndi kutentha kwa thupi ndi kuwawa kwa mutu. Ngati m'mabuku zasakanizidwa, ogawa mankhwala ku Lusaka sangadziwe cimene cikufunika ku Mambwe.

Olemba mapulogalamu ayeneranso kuganizira malo monga cigwa cino, kumene midzi ina ilibe malaiti ndi intaneti yodalirika, ndipo m'dzinja mitsinje ikasefukira njira zina zimatsekeka. Pulogalamu yabwino imalola nesi kulemba wodwala ngakhale palibe intaneti, kenaka n'kutumiza mbiriyo ikabwera, popanda kumulemba kawiri.

Kulumikiza nkhokwe kulinso ndi ngozi yace, pakuti mbiri ya matenda a munthu ndi cinsinsi. Mu 2021 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya anthu, la Data Protection Act, pamodzi ndi la Electronic Government Act loongolera nchito za boma pa makompyuta. Kalaliki wa zaulimi afunika kutsimikiza kuti mlimi ndi yemweyo, koma alibe cifukwa coonera mankhwala amene mlimiyo amamwa.

Anthu wamba nawonso ali ndi mbali yao. Polembetsa ku kiliniki, ku zaulimi kapena kwina kulikonse, ndi bwino kunyamula citupa ndi kuonetsetsa kuti dzina ndi nambala zalembedwa monga momwe zilili pa citupaco. Nambala imodzi yolakwika ingacedwetse fataleza mpaka mvula itayamba kale.