Ati mtsinje wachira? Tiwerenge kaye nsomba, abale!

Inu amalonda nkhani iyi mukuidziwa. Mukasamutsa benchi pa 28, tomato nkuyamba kuyenda malonda, kodi ndi malo atsopanowo kapena anthu angolandira? Wochenjera amasuzumira pa benchi la mnzake amene sanasunthe. Ngati nayenso zikumuyendera, basi, ndi kutha kwa mwezi chabe.

Ine ndikuti nzeru imeneyi ndiyo imasowa pa ntchito zokonza mitsinje yoonongeka. Anthu amadzala mitengo m'mbali, kuchotsa zinyalala, kujambulitsa zithunzi, kenaka nkulengeza kuti mtsinje wachira. Wachira? Anayeza ndani?

Ngakhale kwa azungu zimachitika. Mu 2005 akatswiri ku America anaunika ntchito zokonza mitsinje zoposa 37,000 za m'dzikomo, momwe ntchito zotere zinkadya ndalama zoposa $1 biliyoni pachaka. Anapeza kuti pa ntchito khumi zilizonse, imodzi yokha ndiyo inali ndi umboni woti wina anabwererako kukaona zotsatira. Ndalama zonsezo!

Njira yoyezera ilipo, akatswiri amaitcha BACI. Mumasankha malo awiri ofanana, ena oti mukonze, ena oti muwasiye mmene alili. Konseko mumawerenga nsomba, tizilombo ta pansi pa miyala ndi mpweya wa m'madzi, ntchito isanayambe komanso itatha.

Tiyerekeze kuti pamalo okonzedwa khoka linkagwira nsomba 20, tsopano likugwira 50. Musavine msanga. Ngati pamalo osakonzedwa nazo zakwera kuchoka pa 20 kufika pa 40, ndiye kuti 20 zadza ndi mvula yabwino. Phindu la ntchito yanu ndi nsomba 10 zokha.

Komanso kuwerenga kamodzi nkudzinamiza. Nsomba zimachuluka ndi kuchepa pazokha, monga makasitomala Lolemba ndi Loweruka. Nchifukwa chake amawerenga kambirimbiri, nyengo zofanana, ndi khoka lomwelo, kwa zaka. Masamu amabwera pomaliza kudzaona ngati kusinthako kwaposa kukwera ndi kutsika kwa masiku onse. Paja kuona maso a nkhono nkudekha.

Ku Florida anachita zimenezi pa mtsinje wa Kissimmee. Pakati pa 1962 ndi 1971 boma linaongola mtsinje wokhotakhota wa makilomita pafupifupi 166, nkuusandutsa ngalande ya makilomita 90. Madambo anauma, abakha a m'madzi nkuthawa. Mu 1999 anayamba kukwirira mbali ina ya ngalandeyo kuti madzi abwerere m'njira yakale, ndipo ntchito yomanga inatha mu 2021. Koma asanaponye fosholo, anayamba awerenga mbalame ndi nsomba, nasiya chigawo china chosakhudza choti azifanizira. Mbalame zitabwerera, umboni unalipo.

Kwathu kuno Mudi amadutsa pakati pa Blantyre, ndipo mtsinje wa Lilongwe umadutsa pamsika penipeni. Madzi akewo amatikhudza tonse. Tsono tsiku lina akadzabwera a mabungwe ndi zikwangwani zawo nkumati mtsinje wachira, ine ndikupempha muwafunse mafunso atatu. Munawerenga chiyani musanayambe? Mwafaniza ndi malo ati? Mwawerenga kangati?

Akayamba kukanda mutu, dziwani kuti akukugulitsani ufa osayeza.