Bungwe la Theosophy lidayamba bwanji, nanga limafuna chiyani?

MUNTHU akagona mu mzinda wa Lichinga amadzutsidwa ndi mfuu yoitanira Asilamu ku mzikiti, ndipo likakhala Lamulungu amamvanso belu la ku tchalitchi. Chisilamu chidafika kuno ku Niassa kudzera mu malonda a Ayao ndi anthu a ku gombe la nyanja ya mchere, pamene Chikhristu chidadza ndi amishoni monga aja a Anglican a ku Messumba. Kuyambira ku Mandimba mpaka ku Metangula, si zachilendo kuona Msilamu ndi Mkhristu a mbumba imodzi akudyera m'mbale imodzi.

Koma nkhani ya chipembedzo ikabuka pabwalo, akuluakulu amafulumira kuizimitsa poopa mkangano. Padziko pano pali bungwe lina limene lidayambika ndi maganizo akuti nkhani yotereyi ingathe kukambidwa popanda kukwezerana mawu. Dzina lake ndi Theosophical Society, m'Chipwitikizi amati Sociedade Teosófica. Liwu lakuti Theosophy ndi la Chigiriki ndipo limatanthauza nzeru ya zaumulungu.

Bungweli lidakhazikitsidwa pa 17 November 1875 mu mzinda wa New York ku America. Atsogoleri ake adali atatu: Mai Helena Blavatsky ochokera mu ufumu wa Russia, a Henry Steel Olcott amene adali loya komanso msilikali wakale, ndi loya wina wachinyamata a William Quan Judge. M'chaka cha 1879 Mai Blavatsky ndi a Olcott adafika ku India, ndipo mu 1882 adaika likulu pa malo otchedwa Adyar mu mzinda wa Madras, umene tsopano ukutchedwa Chennai. Likululi lili pompo mpaka lero.

Zolinga za bungweli ndi zitatu. Choyamba ndi kumanga ubale wa anthu onse posayang'ana mtundu, chipembedzo, khungu, banja lobadwiramo, kaya munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Chachiwiri ndi kuphunzira zipembedzo, nzeru za anthu akale ndi sayansi, n'kumaziyerekeza. Chachitatu ndi kufufuza malamulo a chilengedwe amene sadadziwikebe, pamodzi ndi mphamvu zobisika mwa munthu.

Apa nkofunika kumvetsa kuti bungweli si mpingo. Wolowa sabatizidwa ndiponso sauzidwa kuti asiye chipembedzo chake. Anthu 7 akagwirizana angathe kupempha chilolezo chotsegula nthambi, ndipo ntchito yawo imakhala kuwerenga mabuku ndi kukambirana.

Nthawi imeneyo Azungu ambiri ankanyoza zipembedzo za anthu amene iwo ankawalamulira. A Olcott adachita zosiyana. Atafika pa chilumba cha Ceylon, lero Sri Lanka, mu 1880, adathandiza Abuda kutsegula sukulu zawozawo kuti mwana aphunzire popanda kutaya chikhulupiriro cha makolo ake. Nawo Mai Annie Besant a ku England, amene adatsogolera bungweli kuyambira mu 1907 mpaka 1933, adamenyera ufulu wa Amwenye mpaka kusankhidwa kukhala pulezidenti wa chipani cha Indian National Congress mu 1917.

Kuno ku Africa nthambi idatsegulidwa ku Johannesburg mu 1899. Mu 1905 mamembala ake adaitana loya wa Chimwenye, a Mohandas Gandhi, kuti awafotokozere za chipembedzo cha Chihindu. Ngakhale a Gandhi adali munthu wamtendere, mawu ena amene adalankhula okhudza momwe Chisilamu chidafalikira ku India adakhumudwitsa Asilamu ena, mwakuti adachita kufotokozanso bwino m'nyuzipepala ya Indian Opinion. Izi zikuonetsa kuti kukamba za chipembedzo cha mnzako kumafuna lilime lofatsa. Nthambi zina zidadzatsegulidwa ku Kenya, Tanzania, Uganda ndi Zambia. Owerenga Chipwitikizi adawadziwa ena mwa mabuku a bungweli kudzera mwa mlembi wotchuka Fernando Pessoa, yemwe adawamasulira m'zaka za 1915 ndi 1916.

Komatu bungweli lidakumana ndi zokhoma. Mai Blavatsky ankati amalandira makalata modabwitsa kuchokera kwa aphunzitsi obisika. Mu 1885 bungwe lina la ku London lofufuza za mizimu lidatulutsa lipoti lonena kuti maiwo ankachita chinyengo. Patapita zaka 101, mu 1986, katswiri wina woona za kalembedwe, a Vernon Harrison, adati lipoti lija lidalembedwa mokondera. Mkanganowu sudathe. Buku lawo lalikulu la The Secret Doctrine, la mu 1888, nalonso amalidzudzula kamba koti lili ndi mawu oika mitundu ina ya anthu pamwamba pa inzake, zimene sizigwirizana ndi cholinga choyamba chija. Mu 1895 bungweli lidagawikana pamene a Judge adachoka ndi nthambi zambiri za ku America.

Phunziro lalikulu lidadza ndi mnyamata wa ku India, Jiddu Krishnamurti. Atsogoleri adamupeza ku Adyar mu 1909, namulera ndi kulengeza kuti adzakhala mphunzitsi wa dziko lonse. Anthu zikwizikwi adamutsata ndipo ena adapereka chuma. Koma mu 1929 iye adakana udindowo pamaso pa gulu ku Holland, nathetsa gulu limene adamukhazikitsira, ponena kuti palibe bungwe limene lingamufikitse munthu ku choonadi. Anthu ambiri adatuluka m'bungwe la Theosophy pambuyo pake.

Mbiriyi ikusonyeza kuti bungweli lidachita bwino pamene lidakhazika anthu a zipembedzo zosiyana pa mphasa imodzi, ndipo lidapunthwa pamene lidatsamira pa zozizwitsa ndi pa munthu mmodzi.

M'midzi ya m'malire muno mumafika magulu atsopano kawirikawiri, ena odzera ku Chiponde, ena ochokera ku Cuamba. Akale adati safunsa adadya phula. Mlendo akabwera ndi mabuku, mafumu ndi anthu awo ali ndi ufulu womufunsa kumene gulu lake lidayambira, chimene likufuna kwa iwo, ndiponso ngati Msilamu ndi Mkhristu adzatuluka pa msonkhanowo akadali pachibale.