Romanesco: Kolifulawa wa Mutu Wonga Nkhono

Achinyamata anzanga, ambiri a ife timadziwa kolifulawa woyera yekha. Koma ku Italy, m'madera ozungulira mzinda wa Rome, alimi amalima mtundu wina wotchedwa Romanesco, dzina lochokera ku mzindawo. Mutu wake ndi wobiriwira mopita ku chikasu, ndipo ndi wosongoka ngati chulu.

Mukauyang'anitsitsa mupeza kuti mutuwu ndi gulu la timitu tosongoka, toyalana mozungulira ngati mizere ya pachigoba cha nkhono. Thyolani kamutu kamodzi: nakonso kali ndi timitu take toyalana chimodzimodzi. Mukawerenga mizere yozungulirayo, kawirikawiri imakwana 8 kapena 13. Nambalazi zili mu mndandanda wa Fibonacci (1, 1, 2, 3, 5, 8, 13), momwe nambala iliyonse imapezeka pophatikiza ziwiri zam'mbuyo mwake. Inu amene mumati masamu amathera m'kalasi, mwamva?

Kodi chimachititsa zimenezi n'chiyani? Yankho linatuluka mu 2021 m'magazini ya Science, kuchokera kwa gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi a ku France. Chimene timadya pa kolifulawa si masamba ayi, koma ndi mphukira zomwe zimayamba kusanduka maluwa kenako n'kulephera. Mphukira ikalephera imabala mphukira zina, nazonso n'kulephera, n'kubalanso zina. Pa kolifulawa woyera liwiro la kubalaku silisintha, choncho mutu umakhala wobulungira. Pa Romanesco liwiro limanka liwonjezeka pamene mutu ukukula, n'chifukwa chake nsonga zimatumphuka.

Mbewuyi ndi ya mtundu umodzi ndi kabichi, ndipo mbozi ndi nsabwe zomwe zimagwira kabichi zimaigwiranso. Imakonda nyengo yozizira. Kalabu yofuna kuiyesa m'dimba isaibzale nthawi yotentha, chifukwa idzathirira miyezi itatu n'kukolola masamba okhaokha kapena mutu womwazika.

Mu Romanesco muli mavitamini C ndi K. Koma dziwani kuti vitamini C amasungunuka m'madzi ndipo amawonongeka ndi moto wambiri komanso soda. Choncho dulani timituto, tsukani ndi madzi aukhondo, ndipo phikani ndi madzi ochepa kwa mphindi 5 zokha. Soda ayi! Mukapyoza pamenepo timituto timaphwanyika n'kusanduka phala.