NYUMBA ZOMVERA MAU: KODI MBUYE WACE WENIWENI NDANI?

M'maiko a ku Ulaya, America ndi Asia muli nyumba zambiri masiku ano m'mene munthu akalowa madzulo sapapasa khoma kufunafuna swichi. Angonena kuti nyale ziyake, ndipo ziyaka. Nthawi yogona ikafika anena kuti citseko cikhomedwe ndi kuti wailesi izime, ndipo zonse zicitika iye ali cigonere pa kama. Pa Cingerezi nyumba yotere aicha "smart home," ndiko kunena kuti nyumba yocenjera.

Amene ali ndi ana kapena abale ku Lusaka, Johannesburg kapena London mwina anamvapo kale mbiri yace, ndipo ena ayesa kuti ndi matsenga. Si matsenga ai, koma magetsi, mafunde a wailesi ndi makompyuta. Nkwabwino kudziwiratu m'mene zinthuzi zigwirira nchito, pakuti cakudza siciimba ng'oma. Lamya za m'manja nazonso zinayamba monga katundu wa olemera, koma lero zili m'matumba a alimi ambiri.

CIYAMBI CACE

Nzeru imeneyi siinabadwe dzulo. M'caka ca 1952 akatswiri a ku Bell Laboratories ku America anapanga makina ochedwa Audrey, amene anali kuzindikira manambala kucokera pa 0 kufikira 9, makamaka akanenedwa ndi munthu amene makinawo anazolowera liu lace. M'caka ca 1962 kampani ya IBM inaonetsa pa cionetsero ca mu mzinda wa Seattle kabokosi kochedwa Shoebox, kamene kanali kumva mau 16 cabe.

Mbali ina ya nzeruyi, yolamula nyale munthu ali patali, inacokera ku Scotland. M'caka ca 1975 kampani ya Pico Electronics ya m'tauni ya Glenrothes inapeza njira yochedwa X10, yotumiza lamulo kupyolera mu nthambo zomwezo zimene zinyamula magetsi m'nyumba. Munthu akadina batani m'cipinda cogona, nyale ya pa khonde inali kuzima.

Njira ziwirizi, yakumva mau ndi yakulamula zipangizo, zinakumana patapita zaka zambiri. M'caka ca 2011 kampani ya Apple inaika m'lamya zace za iPhone wothandiza wolankhula wochedwa Siri. M'mwezi wa November 2014 kampani ya Amazon inatulutsa Echo, cipangizo coburungira, cotalika ngati botolo, cokhala ndi maikolofoni 7 m'kati mwace, cimene civomera cikaitanidwa ndi dzina lakuti Alexa. Google inatsatira ndi cace m'caka ca 2016. Pofika 2023 Amazon inalengeza kuti zipangizo zokhala ndi Alexa zimene zinagulidwa pa dziko lonse zinaposa 500 miliyoni.

ULENDO WA MAU

Ambiri aganiza kuti nzeru yonse ili m'kabokosi kamene kakhala pa thebulo. Si tero. Nchito yaikulu ya kabokosiko ndiyo kuchera khutu usana ndi usiku, kuyembekeza kumva dzina lace. Kakangomva dzinalo, kajambula mau otsatira ndi kuwatumiza pa intaneti ku makompyuta akuluakulu a kampani, amene kawirikawiri ali ku dziko lina. Kumeneko mauwo asandulizidwa malemba, tanthauzo lace lifunidwa, ndipo lamulo libwezedwa ku nyumba ija kuti babu liyake. Zonsezi zitenga kamphindi kocepa kwambiri, kotero kuti mwini nyumba sazindikira kuti mau ace anayenda ulendo.

Kuli ngati bambo amene afuna kuuza mwana wace ali pa khomo pomwepo kuti asonkhe moto, koma mau ace ayamba apita ku Boma, akamasuliridwe ndi kalaliki, ndipo pambuyo pace abwere kwa mwanayo. Mseu wa ku Boma ukaduka, moto susonkhedwa, ngakhale bambo ndi mwana ali kuonana maso ndi maso.

Babu lomvera lamulo nalonso si babu wamba. M'kati mwace muli kawailesi kakang'ono kolandira uthenga, ndipo kafuna magetsi nthawi zonse, ngakhale pamene nyaleyo ili yozima. Wina akazima swichi ya pa khoma, babulo likhala logontha. Palinso masoketi amene ayatsa ndi kuzima ciliconse columikizidwa pamenepo, monga fani kapena ketulo. Maloko otseguka ndi lamya. Makamera a pa citseko oonetsa mlendo mwini nyumba ali ku nchito. Ndi tizipangizo tocenjeza za utsi kapena madzi odontha. Zina zilamulidwa ndi nthawi cabe, monga nyale ya panja imene iyaka yokha dzuwa likalowa.

AMENE ZIWATHANDIZA KOPOSA

Kwa munthu wamphamvu, kuyatsa nyale ndi mau ndi cinthu cokondweretsa cabe, pakuti kuimirira ndi kudina swichi sikunalemetsepo munthu. Koma kwa wakhungu, wopuwala manja kapena miyendo, ndi nkhalamba yokhala yokha, nkhani yace ndi ina. Munthu amene sangathe kudzuka pa kama akhoza kuyatsa nyale, kutsegula wailesi ndi kuimbira mwana wace lamya popanda kuyembekeza womthandiza. Makinawa akumbutsanso odwala nthawi yakumwa mankhwala. M'maiko amene okalamba ambiri akhala okha m'nyumba, thandizo lotere si laling'ono.

Alimi nawonso apeza phindu pa nzeru yolamula makina uli patali. Ku India, kumene magetsi a ku minda abwera nthawi zosadziwika ndipo kawirikawiri usiku, alimi anali kuyenda mitunda mu mdima kukayatsa mapampu a madzi, napondana ndi njoka pa njira. Katswiri wina wa mu mzinda wa Pune, a Santosh Ostwal, anapanga cipangizo cochedwa Nano Ganesh. Mlimi aimba lamya ku pampu yace, adina manambala, ndipo pampuyo iyamba kapena ileka kutunga madzi. Cipangizoci sicifuna lamya yamtengo wapatali kapena Cingerezi, ndipo mwa zonse zimene tachula, ndico ciyandikira koposa ku zosowa za mwini dimba.

KHUTU LOSAGONA

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cipangizo cimene ciyembekeza dzina lace cimvanso molakwa nthawi zina. M'mwezi wa May 2018, mu mzinda wa Portland ku America, mai wina ndi mwamuna wace anali kuceza m'nyumba mwao pamene Echo inajambula nkhani yao ndi kuitumiza kwa munthu wina wogwira nchito kwa bamboyo. Anadziwa zimenezi munthuyo atawaimbira lamya kuwauza zimene anamva. Amazon inavomera, nilongosola kuti makinawo anamva liu lofanana ndi dzina lace, ndipo mau otsatira anawayesa lamulo lotumiza uthenga.

M'mwezi wa April 2019 atolankhani a Bloomberg anaulula kuti Amazon inali ndi anchito zikwi zingapo m'maiko monga India, Romania ndi Costa Rica, amene nchito yao inali kumvetsera ena a mau ojambulidwa ndi kuwalemba kuti makina aphunzire bwino. Caka comweco zinadziwika kuti Google ndi Apple nazonso zinali kucita cimodzimodzi, ndipo Apple inapepesa poyera. M'caka ca 2023 Amazon inavomera kulipira Boma la America madola 25 miliyoni pa mlandu wosunga mau a ana nthawi yaitali mosemphana ndi lamulo.

Pa mwambo wathu nkhani za m'nyumba zithera m'nyumba, ndipo zikakula zipita kwa ankhoswe, osati kwa munthu wosadziwika. Amene aika cipangizo cotere m'cipinda cogona ayenera kudziwa kuti walowetsamo mlendo amene sagona tulo. Zambiri zili ndi batani lotsekera maikolofoni, ndipo wanzeru alidina pamene banja liyamba kukamba zace.

MBUYE WACIWIRI

Vuto lina ndi lakuti katundu amene munthu anagula ndi ndalama zace akhala akali m'manja mwa wogulitsa. Ku America kunali cipangizo cochedwa Revolv, ca mtengo wa madola 300, cimene cinali kulamula nyale ndi maloko a nyumba yonse. Kampani ya Nest, imene Google inagula m'caka ca 2014, inatenga Revolv, ndipo m'mwezi wa May 2016 inazima makompyuta amene cipangizoco cinali kudalira. Tsiku lomwelo cinasanduka cinthu copanda nchito, cisanasweke kapena kupsa. Anthu atadandaula kwambiri, kampaniyo inalonjeza kuwabwezera ndalama.

M'mwezi wa April 2022 kampani ya Insteon inagwa, nizima makompyuta ace popanda cenjezo. Ogula anadzuka m'mawa napeza kuti lamya zao sizilamulanso kanthu. Cimene cinawapulumutsa ndi cakuti maswichi a Insteon anali kugwirabe nchito akadinidwa ndi cala. Patapita miyezi iwiri, gulu la ogula omwewo linagula kampaniyo ndi kuiutsanso.

Kuno kwathu nzeru yolamula cinthu ca m'nyumba uli patali inafika kale m'midzi, ngakhale sitiicha ndi dzina la Cingerezi lija. Mabanja ambiri ali ndi sola yogula pa ngongole, yolipira pang'onopang'ono ndi lamya. Masiku olipiridwa akatha, nyale zizima zokha ngakhale dzuwa linawala tsiku lonse ndipo batire ndi lodzala. Malipiro akalowa, ziyakanso. Njira imeneyi yathandiza ambiri amene sakadatha kulipira ndalama yonse pa nthawi imodzi, ndipo ubwino wace ndi wakuti pangano lidziwika kuyambira pa ciyambi: ngongole ikatha, solayo ikhala yako. Koma itiphunzitsa cinthu cimodzi, cakuti cipangizo columikizidwa ku kampani cili ndi ambuye awiri, ndipo wakutaliyo ndiye ali ndi mau otsiriza.

Tisaiwalenso za magetsi. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba kotero kuti nyumba zambiri za m'matauni a dziko lino zinali kulandira magetsi maola owerengeka cabe pa tsiku. Pa nthawi yotere, nyumba imene nyale, loko ndi geti lace zidalira magetsi ndi intaneti ikhala yogontha kuposa nyumba ya udzu yokhala ndi koloboyi.

NANGA CINYANJA?

Alexa amva Cingerezi, Cifalansa, Cijeremani, Cihindi, Ciarabu ndi zinenero zina zingapo, koma samva Cinyanja. Siri nayenso ndi cimodzimodzi. Ici ndi comvetsa cisoni, pakuti amene akadapindula koposa ndi makina omvera mau ndiwo agogo athu amene sanaphunzire kuwerenga, ndipo ndi iwo omwe amene makinawa sawamva.

Cifukwa cace ndi cakuti makina aphunzira cinenero pomvetsera maola zikwizikwi a mau ojambulidwa, pamodzi ndi malemba oonetsa zimene zinanenedwa. Mau otere a Cingerezi ndi ocuruka, koma a Cinyanja ndi ocepa. Ndiponso cinenero cathu cili ndi zace zobvuta. Liu lakuti "mtengo" litanthauza wa m'thengo kapena wa pa msika, malinga ndi m'mene munthu wakwezera kapena kutsitsa liu lace. Malankhulidwe a ku Katete asiyana ndi a ku Lusaka, ndipo munthu wa ku Petauke aphatikizamo Cinsenga cace.

Komabe nchito inayambika. M'caka ca 2023 akatswiri a pa University of Zambia anafalitsa nkhokwe ya mau ojambulidwa yochedwa Zambezi Voice, ya Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi, kuti opanga makina aphunzitsire zipangizo zao. M'mwezi wa October 2024 Google inalengeza kuti yaonjeza zinenero 15 za mu Africa, Cicewa cili pakati pa izo, pa zimene munthu akhoza kulankhula pa lamya pofunafuna nkhani kapena polembetsa uthenga. Kucoka pamenepo kufika pa kulamula nyale ndi pampu m'Cinyanja ulendo ulipobe, koma mseu walambulidwa.

MUSANAGULE

Safunsa anadya phula. Mwana wa ku tauni akabwera ndi mphatso yotere, kapena wamalonda akafika nayo pa msika, pali mafunso anai oyenera kufunsa. Loyamba: kodi magetsi kapena intaneti zikapita, cinthuci cigwirabe nchito ndi dzanja? Laciwiri: kodi mau kapena zithunzi zimene cijambula zipita kuti, ndipo pali njira yozifafaniza? Lacitatu: kodi pambuyo pa kugula pali ndalama ina yolipira mwezi ndi mwezi, kuonjeza pa ya intaneti? Lacinai: kodi kampani ikatseka, cinthuci cikhalabe ca nchito?

Wogula asinthenso mau acinsinsi otsegulira cipangizo amene cinabwera nao kucokera ku fakitale. M'caka ca 2016 akuba a pa intaneti analanda makamera ndi zipangizo zina zikwi mazanamazana pa dziko lonse, pogwiritsa nchito mau acinsinsi amene eni ace sanasinthe.

Cipangizo cimene ciyankha bwino mafunso awa, ndipo cithandiza wodwala, wokalamba kapena mlimi pa nchito yeniyeni, ndi coyenera kucilandira. Koma swichi ikhalebe pa khoma, kiyi wa citseko akhale m'thumba la mwini nyumba, ndipo tochi ikhale pafupi ndi mphasa.