Daniel Kachamba: gwero la nyimbo za kwa Singano

Funsani achinyamata kuyambira pa Chileka mpaka ku Lirangwe za oimba otchuka a kwawo, ambiri athamangira kutchula Evison Matafale ndi Black Missionaries. Komatu rege isanafike m'mudzi mwa Singano, kudali kale Daniel Kachamba.

Daniel adabadwa m'chaka cha 1947 ndipo adakulira ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare. Kumeneko ndiko adamva kwela, chamba cha zitoliro chochokera ku Joni. Banja lawo litabwerera kumudzi, iye ndi mng'ono wake Donald adayamba kuimba m'misewu ya Blantyre, zida zawo zili gitala, chitoliro ndi babatoni wa chingwe chimodzi.

M'chaka cha 1967 adakumana ndi Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, yemwe adajambula nyimbo zawo. Pofika 1972, anyamatawa adali akuimba ku Ulaya.

Daniel adatisiya m'chaka cha 1987, Donald mu 2001. Zomwe Kubik adajambula zikusungidwa mosamala ku Vienna. Chatsala n'choti ana a kwa Singano azimve, adziwenso kuti chumachi n'chawo.