Usipa wathu umayambira pa ndere zosaoneka

Usipa ukasowa ku Nkhotakota kuno, timafulumira kuloza chala asodzi ophera masikito. Mlandu ali nawo ndithu, koma ine ndikuona kuti pali chinanso chimene sitikuchilabadira: madzi a nyanja akufunda.

M'madzi muli ndere ndi mabakiteriya ena osaoneka ndi maso, amene amagwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa kusandutsa mpweya wa carbon dioxide kukhala chakudya, monga amachitira masamba a chimanga. Tizilombo tam'madzi timadya nderezo, usipa ndi utaka n'kudya tizilomboto, ncheni n'kudya usipa. Ndere zikachepa, nsomba nazonso zimachepa.

Monga chimanga, ndere zimafuna chonde. China chimachokera pansi pa nyanja, mphepo ya mwera ikavundula madzi m'nyengo yozizira. China chimabwera ndi mitsinje ngati Bua ndi Dwangwa.

Vuto ndi lakuti madzi ofunda ndi opepuka, choncho amangoyandama pamwamba osasakanikirana ndi ozizira apansi. Kafukufuku wa mu 2005 anapeza kuti madzi akuya a nyanja ya Malawi anafunda ndi madigiri pafupifupi 0.7 m'zaka 60. Pa nyanja ya Tanganyika, Catherine O'Reilly ndi anzake analemba m'magazini ya Nature mu 2003 kuti kufunda kwa madzi kunachepetsa chakudya chopangidwa ndi ndere ndi pafupifupi 20 peresenti, ndipo kungachepetse nsomba ndi 30 peresenti.

Chonde cha pansi chikamavuta kukwera, malo amene mitsinje imathirira m'nyanja, ngakhalenso dziwe la Chia, amakhala ofunika koposa. Komatu malowa ndi osaya, satenga nthawi kufunda. Madzi akafunda, mabakiteriya owoletsa zinyalala amachita changu kuposa ndere. Amabweza carbon dioxide m'madzi ndi kumaliza okosijeni amene nsomba zimapuma, pomwe madzi ofunda amasunga kale okosijeni wochepa. Tsono mtsinje ukabwera ndi matope a m'minda, kuwala sikulowa, ndere n'kulephera ntchito.

Kuziziritsa nyanja sitingathe, koma matope ali m'manja mwathu. Tikamalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kudula mitengo ndi kutentha bango, tikutseka dzuwa pamalo amene nsomba zazing'ono zimakulira. Mpasa nawonso umafuna miyala yopanda matope ukamakwera Bua kukaswana.

Ndikupempha mafumu ndi makomiti a m'madoko kuti malamulo oteteza bango ndi magombe a mitsinje akhwime ngati a nyengo yotseka usodzi. Nawo a nthambi ya zausodzi aziyeza kutentha kwa madzi ku Chia ndi pamathiriro a Bua mwezi ndi mwezi, n'kumatiuza zotsatira pa wailesi. Msodzi amene amagona panyanja ndi nyali ayenera kudziwa chimene chikuchitikira madzi omwe amamudyetsa.